Wolowa Pomaliza M'chikepe

Chiyambire tsiku limene chikepe chinaima pakati pa nsanjika ziwiri mayi ake ali momwemo, Mzime sanagonepo tulo tokoma. Mayiwo anapita kunyumba yosanja ya madokotala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, monga ankachitira mwezi ndi mwezi. Analowa m'chikepe akucheza ndi mayi wina woyembekezera. Chikepe chinanyamuka pang'ono, kenako chinangoti zii. Magetsi a m'katimo anazima, mabatani onse anafa. Pamene amisiri ankadzakanula chitseko ndi zitsulo, mayi ake a Mzime anali atakhala pansi, nsapato imodzi itavuka, akutchula ana awo mmodzimmodzi ngati akutsanzika.

Tsoka likafuna kukuseka limasankha pakhomo pako penipeni. Kabokosi koyendetsa chikepecho kanapangidwa pakampani imene Mzime ankagwirapo ntchito. Mkulu wa gulu lolemba mapulogalamu a kabokosiko anali mchimwene wake, woyamba kubadwa m'nyumba mwawo. Ndipo m'gulu lomwelo munali chibwenzi cha Mzime, mnyamata amene aliyense ankamutcha Bwinobwino chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Ngakhale umuuze kuti nyumba ikupsa, iye ankayamba wanena kuti, "Bwinobwino, tione kaye." Mzime anamukondera kufatsa komweko, ndipo awiriwa anali atagwirizana kuti chaka chisanathe akhale banja, moti mphete anali atamuveka kale.

Lamlungu masana achimwene anabwera kudzazonda mayi. Sanabwere chimanjamanja, anabwera ndi chithunzi pafoni.

"Amayi, makina akamafa amalemba pamene afera," anatero akukulitsa chithunzicho ndi zala. "Mzere wapamwambawu ndi kapulogalamu koyatsa manambala a nsanjika. Mufunseni mwana wanuyo kuti anakalemba ndani."

Mayi anatsitsa mwendo umene anautsamiritsa pakampando, n'kutembenukira kwa Mzime.

"Iwe, ndi zoona zimenezi?"

"Anakalemba ndi iyeyo, Amayi, koma..."

"Koma chiyani? Ine dzenje langa ndaliona ndi maso awa, iwe ukuti koma? Munthu sanalowe n'komwe m'banja, wayamba kale kutsekera apongozi ake m'bokosi. Akadzalowa adzatiika m'chiyani?"

Achimwenewo sankamufuna Bwinobwino kuyambira kalekale. Ankati mwamuna wosakweza mawu amabisa zambiri. Ndipo popeza ndi iwo amene analera Mzime bambo atamwalira, mawu awo pakhomopo ankalemera kuposa a wina aliyense.

"Lachisanu eni nyumba yosanja ija akubwera kukampani," anatero akuika foni m'thumba. "Akufuna mutu wa munthu. Ndawauza abwana kuti wofufuza ngoziyi ukhale iweyo, poti pagulu lathu wodziwa kuwerenga maliro a makina ndiwe. Udzionere wekha, usadzati ndimangomuda."

Mzime anavomera ndi mutu. Anadziwa kuti amupatsa mpeni kuti adzicheke yekha.

* * *

Lolemba aliyense anakwera masitepe. Zikepe zonse zokhala ndi kabokosi kawo zinali zitazimitsidwa, ngakhale cha paofesi pawo pomwe, moti anthu a mimba zazikulu ankafika pamwamba akutukwana chamumtima.

Pakhomo la ofesi pankakhala mtsikana wolandira alendo amene anzake anamupatsa dzina loti Wailesi, ndipo dzinalo silinamulakwire. Nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana inkakhala itazungulira nsanjika zonse, itanenepanso.

"Asisi, pepani ndi za amayi," anatero Wailesi, nkhope ataigwetsa koma maso akuseka. "Komanso pepani ndi zinazo. Ine ndikanakhala inu bwenzi nditadwala. Kufufuza chibwenzi chako chomwe, ngati wapolisi! Koma musade nkhawa, omulimbitsa mtima tilipo. Dzulo ndinamutumizira kameseji. Munthu akagwa amafuna womudzutsa, si choncho asisi?"

Mzime anangodutsa. Ankadziwa kale kuti tiyi wa Bwinobwino yekha ndi amene ankafika padesiki ali ndi kabisiketi pambali.

Mnyamatayo anamupeza kuchipinda chosungira katundu, akukulunga zingwe.

"Andiletsa kukhudza kompyuta mpaka Lachisanu," anatero akuyesa kumwetulira. "Akuti ndizithandiza kuno."

"Ndiuze zoona. Kapulogalamu kako kaja unakayesa mokwanira?"

"Bwinobwino, Mzime..."

"Usandiuze bwinobwino lero! Mayi anga anatsala pang'ono kufera m'bokosi muja."

Bwinobwino anaika chingwe pansi. Maso ake anali ofiira ngati a munthu amene nayenso sakugona.

"Ndinakayesa. Ndi kakang'ono, ntchito yake ndi kuyatsa nambala basi. Koma ngati makina akutchula ine, ndingatsutsane nawo bwanji? Tamvera, ukapeza kuti ndine, unene. Usandibise. Sindikufuna kukhala nawe m'nyumba iwe ukundisungira mlandu mumtima."

Mzime anafuna kumukumbatira, koma manja anakana. Ankaopa. Ankaopa kuti akapeza kuti ndi iyeyo, adzalephera kumuyang'ananso osaona nsapato ya mayi ake ili payokha pansi pa chikepe.

* * *

Chipinda choyesera makina chinalibe zenera. Pakati pake panaima chitseko cha chikepe chomangirira pazitsulo, chosapita kulikonse, chongotseka ndi kutsekuka. Patebulo panali kabokosi kofanana ndi kamene kanafa kaja, ndipo chingwe chimodzi chinachokera mmenemo kupita pa laputopu ya Mzime.

M'kabokosi kotere mumakhala pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo, mwininyumba wa mapulogalamu ena onse. Pulogalamu wamba ikagwa, kenelo imaichotsa n'kuidzutsanso. Koma kenelo ikagwa yokha, palibe woidzutsa. Imangolemba mawu ochepa otsanzika, n'kuuma gwa.

Mzime anawerenga mawu otsanzikawo mpaka anawaloweza. Pamwamba panalidi kagawo ka Bwinobwino, zosachita kufunsa. Koma pansi pake, pamene pankayenera kuoneka mndandanda wa amene anaitana mnzake mpaka kufika pamenepo, panali zinyalala zokhazokha, manambala opanda mutu. Zimenezi n'zimene zinamuimitsa mutu. Kapulogalamu kolakwa kamagwera poyera, njira imene kadzera ikuoneka. Apa njira yonse inali itafufutika, ngati china chake chinasefukira n'kuikwirira.

Anaganizira za sitaki. Kenelo ili ndi kamalo kochepa kwambiri kosanjikizapo ntchito zimene yayamba koma sinamalize. Ntchito ikaitana inzake, imasiya katundu wake pamenepo n'kumadikira. Kamaloko kakadzaza, katundu amagwera kwa oyandikana nawo, ndipo kenelo imafa isakudziwanso kuti yapwetekedwa ndi ndani.

Ndiye anatchera msampha wake. Anadzaza sitaki yonse ndi chilembo chimodzi chokhachokha, monga munthu amawazira phulusa pakhomo kuti aone pamene mapazi afika. Kapulogalamu ka Bwinobwino anakachotseratu. Kenako anayamba kuyendetsa chitseko chija.

Lachiwiri lonse chitseko chinatseka n'kutsekuka mwaulemu. Mapazi sankafika n'pakati pomwe. Lachitatu m'mawa anabwezeretsa ka Bwinobwino, n'kukatopetsa ndi manambala okwera ndi otsika, koma kabokosi sikanatsokomole n'komwe. Mzime anasowa mtengo wogwira. Masana anaimbira mayi ake, mtima uli m'mwamba.

"Amayi, musakwiye. Tsiku lija, chikepe chisananyamuke, munaona chilichonse chachilendo?"

"Wayamba kufunsa ngati loya wa munthu uja eti?"

"Ayi Amayi, ndi ntchito chabe."

"Chachilendo n'chiyani? Chitseko chija ndiye chinali chokayikakayika. Kutseka, kutsekuka, kutsekanso. Mnzanga uja chikwama chake chinali ndi kalamba kolendewera pakhomo. Tinaseka n'kuseka, osadziwa kuti tikuseka maliro athu."

Mzime atadula foni anang'amba kachidutswa ka katoni. Anakagwedeza patsogolo pa kadiso kamene kamaona ngati pakhomo pali chinthu, kulowetsa ndi kutulutsa ngati lamba wolendewera. Chitseko chinatseka, chinabwerera, chinatsekanso. Atayang'ana pa sikirini, tsitsi linamuimirira. Phulusa lija linkatha akuona, mapazi akuthamangira kukhoma. Nthawi yomweyo nambala ya nsanjika inayaka, ndipo kabokosi kanafa, n'kulemba mawu omwe aja a pachithunzi cha achimwene.

Anachotsanso ka Bwinobwino n'kubwereza. Kabokosi kanapulumuka, koma pang'onong'ono. Mapazi anafika pakhoma penipeni, mnyamatayo kulibe n'komwe. Wodzaza sitaki anali wina.

Anauza kenelo kuti sitaki ikangotsala pang'ono kudzaza, itchule onse amene aunjikana mmenemo. Anagwedezanso kakatoni kaja. Sikirini inadzaza ndi liwu limodzi, mzere pansi pa mzere, mpaka pansi.

yesanso
yesanso
yesanso

Pagulu lawo lonse anthu ankatchula zigawo za mapulogalamu m'chilankhulo cha m'mabuku. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankazitchula m'chilankhulo cha kunyumba. Ndi yemwe uja ankathamanga pambuyo pa njinga Mzime ali kamwana, mawondo ali magazi okhaokha, n'kumati, "Dzuka, yesanso." Samu ikamukanika, yesanso. Atalephera mayeso olowera ntchito, yesanso. Liwu limene linamulera ndi limene linali pa sikirini.

Kagawoko achimwene anakalemba kuti chitseko chikakana kutseka, kayesenso. Koma m'malo momaliza ulendo woyamba, kankadziitana kokha, n'kudziitananso, ulendo uliwonse kakusiya mtolo waukulu pa sitaki. Mzime anakhala pansi pasimenti. Anali atapeza chimene ankapempherera, ndipo chinali choopsa kuposa chimene ankaopa.

* * *

Lachinayi masana anawadikirira achimwene pamalo oimika magalimoto. Atalowa m'galimoto, iye analowera khomo linalo n'kuwapatsa foni, mmene anajambulamo zonse. Anaonera mpaka kumapeto. Kenako anakweza magalasi onse.

"Wauza ndani?"

"Palibe. Ndayambira kwa inu."

"Wachita bwino. Ndikonza ndekha sabata yamawa, mwakachetechete. Ndi ntchito yochepa."

"Nanga iye?"

"Iye ndi mnyamata. Alibe mkazi, alibe mwana. Akachoka pano apeza kwina." Anapukuta thukuta pamphumi ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndikagwa ndagweratu, Mzime. Ndani angadzandipatsenso makina onyamula anthu? Alamu ako ndi oyembekezera, ukudziwa. Nanga Amayi? Ukufuna amve kuti amene anawatsekera m'bokosi ndi mwana wawo woyamba? Ndi mtima wawo uja?"

"Achimwene, ndinu amene munandiphunzitsa kuti makina sanamizidwa."

"Ndinakuphunzitsanso kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Mwamuna ungapeze wina mawa. Ine ungandipeze kuti?"

Mzime anayang'ana manja awo pachiwongolero. Anali atachigwira zolimba ngati wina akufuna kuwalanda. Chibadwire anali asanawaonepo achimwene ake akuchita mantha, ndipo zinamuopsa kuposa mmene kukalipa kwawo kukanamuopsera. Akuluakulu sananame, khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndikufunseni chimodzi," anatero motsitsa mawu. "Lamlungu lija, mukuwaonetsa Amayi chithunzi, munkadziwa?"

Achimwene anayang'ana kutsogolo.

"Tuluka," anatero. "Ndili ndi msonkhano."

* * *

Anamuimbira Bwinobwino, foni inangoitana. Anapita kosungira katundu, anapeza zingwe zokha. Pobwerera, Wailesi anali atamudikirira, chigongono patebulo.

"Mukusaka aja, asisi? Aaa, ndiye simukudziwa? Achimwene anu atangochokera panja anawaitanira muofesi, n'kutseka chitseko. Anakhalitsamo ndithu. Potuluka anagwirana chanza, ine ndikuona ndi maso angawa. Koma mnyamata anatuluka atatuwa, ndinachita kumuperekeza kukamwa tiyi kuseri uku. Wandiuza zambiri, wosauka. Sanakuuzeni inu? Basi ndiye ine ndatseka pakamwa."

Nsanje inamulasa Mzime pachifuwa, koma mantha anaiposa. Achimwene ndi Bwinobwino kugwirana chanza? Anthu amene ngakhale moni ankapatsana ngati akulipira msonkho?

Ali pamasitepe foni inanjenjemera. Inali meseji yochokera kwa iye.

"Mawa usanene kanthu. Chilichonse chimene ndinganene, iwe ungokhala chete. Ndikhulupirire."

Zala zake zinathamanga. "Uli kuti? Ndapeza chinthu. Si iwe. Ukundimva? Si iwe."

Anaona kuti meseji yawerengedwa. Anadikira, ataima pakati pa masitepe, anthu akumulambalala. Yankho linabwera lalifupi.

"Ndikudziwa. Khala chete basi."

Anaimbanso, koma foni inali itazimitsidwa.

* * *

Lachisanu m'mawa chipinda cha misonkhano chinadzaza. Kumutu kwa tebulo kunakhala bwana wamkulu wa kampani. Mbali ina kunali mwini nyumba yosanja ija, mayi wachikulire wa magalasi, pamodzi ndi loya wake. Mbali inayo kunali achimwene, atavala tayi, kenako Mzime ndi laputopu yake. Bwinobwino anamukhazika kumapeto yekhayekha, ngati wodwala nthenda yopatsirana.

Bwana wamkulu asanamalize n'komwe malonje, Bwinobwino anaimirira.

"Bwana, ndisakutayitseni nthawi. Cholakwa ndi changa. Kapulogalamu kanga sindinakayese mokwanira, ndipo ndi kamene kanagwetsa makina. Ndikupepesa kwa mayi awa, ndi kwa onse amene anali m'chikepe. Chilango chilichonse ndilandira."

Ankalankhula akuyang'ana khoma. Mzime anamva ngati pansi pakutsetsereka. Anayang'ana achimwene, koma iwo anali kuwongola pepala limene linali lowongoka kale.

Bwana wamkulu anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Chabwino, mnyamata wavomera yekha. Za iye tikambirana ndi loya. Tsono kapulogalamu kakeko kakachotsedwa, vuto latha eti?"

"Latha, bwana," anayankha achimwene.

"Ndiye muyatse zikepe lero lomwe," anatero mayi wa magalasi uja. "Kwanga kuja kumabwera odwala. Dzulo bambo wina wa ndodo tinachita kumunyamula pampando mpaka pamwamba. Masana ano ndikufuna chikepe chiziyenda."

"Chiyenda, mayi," anatero bwana wamkulu. Kenako anatembenuka. "Wofufuza wathu, mukugwirizana nazo? Tingomva mawu anu, titseke nkhani."

Amuna awiri amene Mzime ankawakonda padziko lapansi anamuyang'ana nthawi imodzi, ndipo maso awo ankapempha chinthu chimodzi. Akanangoti inde, aliyense akanatuluka ndi chimene ankafuna. Koma iye anali ataona mapazi aja akufika pakhoma Bwinobwino kulibe. Masana omwewo wina akanalowa m'chikepe ndi lamba wolendewera, kapena ndodo, kapena kamwana kokoka nsalu ya mayi ake. Pakanangofunika kanthu kena kakang'ono, batani kapena belu, kuti kabokosi kafenso.

"Ayi, bwana," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Ayi. Musayatse."

"Mzime," anatero Bwinobwino chapansipansi.

Sanamuyang'ane. Anatembenukira kwa mayi wa magalasi, chifukwa nkhope yawo yokha ndi imene sinkamupempha kanthu.

"Mayi, munaonapo chikepe chitadzaza, kenako n'kulowa kamunthu kowonda, belu n'kulira? Onse amayang'ana wolowa pomalizayo. Koma si iye wadzaza chikepe. M'makinamu zachitika chimodzimodzi. Kapulogalamu ka bambo awa kanangolowa pomaliza. Mukakachotsa, malo akhalabe odzaza, ndipo mawa kadzalowa kena."

Anatembenuza laputopu n'kuwaonetsa zimene anajambula: kakatoni, chitseko chokayikakayika, kenako liwu lija likutsika sikirini yonse. Loya anavula magalasi n'kusendera pafupi.

"Kagawo kodziitana kokhaka," anafunsa bwana wamkulu pang'onopang'ono, "analemba ndani?"

Mzime anadikira. Anawapatsa mpata achimwene kuti anene okha, ndipo mumtima ankawachonderera kuti atero. Iwo anangoti duu. Paofesi ankawatchula kuti akulu a gulu, koma pakamwa pake panatuluka dzina la kunyumba.

"Achimwene anga."

Mpando unakhuluzika. Achimwene anaimirira, anatola makiyi awo patebulo, n'kutuluka osatseka chitseko. Kunja kunamveka tinsapato ta Wailesi tikuthawa pamene ankamvetsera.

* * *

Msonkhano utatha Mzime anathawira kumasitepe akuseri, kumene sikudutsa anthu. Anakhala pansi n'kugwira mutu. Posakhalitsa anamva mapazi, ndipo Bwinobwino anaima patsogolo pake.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha," anatero.

"Unafuna ndikusiye unyamule mlandu wa eni?"

"Tinagwirizana, Mzime. Achimwene ako anandiuza zonse dzulo. Anati ndikasenza ine, iwo akonza makina zikepe zisanayatsidwe, ndipo akawauza amayi kuti andikhululukire. Anati ukwati wathu auyendetsa okha. Ntchito ndikanapeza ina. Iwe sindingapeze wina."

"Anakuuza kuti akonza zisanayatsidwe? Ine anandiuza kuti sabata yamawa. Ndipo wamva wekha mmene ayankhira muja."

Mzime anapitiriza.

"Ndiye ukanalowa m'banja mwathu ndi dzina loti unatsala pang'ono kupha mayi anga? Moyo wako wonse ukuweramira anthu pa mlandu umene sunapalamule?"

"Ndikanalowa," anatero. "Bola kulowa woweramira kusiyana n'kutsala panja uli chilili. Wandiyeretsa dzina, zikomo. Koma ukuganiza kuti pakhomo panu paja andilandira tsopano?"

Mzime asanayankhe, foni inalira m'manja mwake. Pa sikirini panalembedwa kuti Amayi. Anayankha, ndipo m'masitepe mopanda anthumo mawu a mayi ake ankamveka kwa onse awiri.

"Halo. Kodi ndikulankhula ndi mayi aja ofufuza milandu?"

"Amayi, ndine, Mzime."

"Ndakudziwani."

Chibadwire mayi ake anali asanamupatsepo ulemu wotere. Pomukalipira, pomutuma, pomusisita akudwala, nthawi zonse anali iwe. Inu anali wa alendo ndi anthu ogulitsa zinthu pakhomo.

"Mwana wanga ali pano," anapitiriza mayiwo, mawu ali phee, opanda kukalipa. "Wakhala pansi ngati wofedwa, sakutha n'kulankhula komwe. Ndamva kuti mwamuvula pamaso pa alendo kuti mupulumutse mwamuna wanu."

"Amayi, ndimvereni. Chikepe chija chikanayatsidwa lero, anthu ena..."

"Chikepe chinandibweza wamoyo, mayi. Amene mwandimaliza ndinu. Munthu anakulerani, anasiya zake zonse chifukwa cha inu, lero mwamulipira."

"Amayi, chonde, musanditchule choncho."

"Zovala zanu ndikulongedza. Madzulo ano mubwere. Mukabwera ndi munthu ameneyo, kapena ndi mphete yake kuchala, muzipeza pakhonde, mutenge muzipita. Mukafuna kulowa m'nyumba muno ngati mwana wanga, mubwere nokha, chala chili chopanda kanthu."

Foni inaduka.

Mzime anakhala akuyang'ana kamphete kopyapyala kamene kanali kuchala chake. Misozi inkagwera pa sikirini ya foni. Bwinobwino anali atamva zonse, liwu ndi liwu. Anatsika sitepe imodzi kuti maso awo alingane, n'kutambasula dzanja lake pamaso pa Mzime, chikhatho chili m'mwamba.

Ndipo Mzime, amene ankatha kuwerenga mawu omaliza a makina akufa, analephera kudziwa ngati dzanjalo likupempha dzanja lake kapena mphete.